Funsani Tikuyankheni: Kukaphunzira za Makompyuta ndi Magemu ku Japan

FUNSO: Ndamaliza digiri ya zamakompyuta ndipo mtima uli ku Japan, koma kwathu kulibe ndalama. Ndiyambire pati? Mnyamata wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, khomo lalikulu ndi thandizo la boma la Japan lotchedwa MEXT. Ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe imalengeza cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo osankhidwa amanyamuka chaka chotsatira, mu Epulo kapena cha mu Okutobala. Ofuna digiri yachiwiri asakwane zaka 35. Akakutengani, fizi simulipira, tikiti ya ndege amagula okha, ndipo mwezi uliwonse mumalandira mayeni (ndalama ya ku Japan) pafupifupi 143,000.

Amayamba ndi kuona mapepala anu, kenako mayeso a Chingerezi ndi Chijapani, kenako kukufunsani mafunso pamaso. Mukapambana, mumalembera nokha mayunivesite kupempha kalata yoti akulandirani. Ambiri amagwera pa pulani ya kafukufuku. Kulemba kuti "ndimakonda Japan ndi luso lake" sikuthandiza. Tchulani vuto lenileni, mwachitsanzo kufikitsa intaneti kumidzi kopanda magetsi, fotokozani njira yomwe mudzatsate, ndipo muwerengeretu zimene pulofesa amene mukumufunayo analemba. Akaona kuti kalata yanu ndi yomweyo yomwe mwatumizira anthu makumi awiri, sayankha n'komwe.

Njira ina ndi ABE Initiative, yomwe JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko, limayendetsa kuchokera pamene inalengezedwa mu 2013. Imapereka digiri yachiwiri kwa achinyamata a ku Africa komanso mwayi wophunzira ntchito m'kampani ya ku Japan. Kobe Institute of Computing ndi University of Aizu zili ndi maphunziro ophunzitsidwa m'Chingerezi. Wodzilipirira adziwe kuti yunivesite za boma zambiri zimafuna mayeni 535,800 pachaka, komanso 282,000 ina yolowera.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akuumirira zokaphunzira kupanga magemu a pakompyuta. Amenewa ndi maphunziro kapena n'kutaya ndalama? Mayi wa ku Kasungu

YANKHO: Mayi, ndi ntchito yeniyeni. Nintendo ili ku Kyoto, Capcom ku Osaka, Square Enix ku Tokyo, ndipo makampani opanga magemu onsewa amalemba anthu chaka ndi chaka. Koma mufunseni mwanayo: akufuna kusewera kapena kupanga? Wopanga amakhala tsiku lonse pa masamu ndi kulemba mapulogalamu mu C++ kapena C#, mwinanso kujambula ndi kukonza mawu ndi nyimbo. Muyeseni asanachoke pakhomo. Unity ndi Unreal Engine, mapulogalamu opangira magemu, zimapezeka mwaulere kwa ophunzira, choncho apange kagemu kakang'ono kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akagwa ulesi pamenepo, ndalama zanu zapulumuka. Akamaliza, kagemuko ndi komwe makampani adzafune kuona kuposa satifiketi.

Chopinga chachikulu ndi chilankhulo. Sukulu zaluso zotchedwa senmon gakko, monga HAL yomwe ili ku Tokyo, Osaka ndi Nagoya, zimaphunzitsa m'Chijapani, ndipo kawirikawiri zimafuna mlingo wa N2 pa mayeso a Chijapani otchedwa JLPT. Mayesowa amayambira N5 kukafika N1, ndipo ku Japan amalembedwa mu Julaye ndi Disembala. Zilembo za hiragana 46 ndi katakana 46 munthu wakhama amazigwira m'masabata ochepa. Thukuta lili pa kanji, zilembo zochokera ku Chitchaina: N2 imafuna pafupifupi 1,000. N'chifukwa chake ambiri amayamba ndi chaka kapena ziwiri kusukulu ya chilankhulo, ndipo ndalama imeneyo muiwerengeretu. Chinanso, kumeneko ophunzira amayamba kusaka ntchito kutatsala chaka chathunthu kuti amalize. Wodikira kuti alandire kaye pepala amapeza anzake atatenga kale malo.

FUNSO: Ndamva kuti wophunzira amaloledwa kugwira ganyu. Nanga foni ndi laputopu yanga zikagwira kumeneko? Mtsikana wa ku Mzuzu

YANKHO: Achemwali, ganyu ndi wololedwa koma ndi chilolezo chapadera, chomwe mutha kupempha pabwalo la ndege pomwe akukupatsani khadi la wokhala m'dziko. Malire ndi maola 28 pasabata, ntchito zanu zonse kuziphatikiza. Patchuthi chachitali cha sukulu amalola maola 8 patsiku. Kupyola apo n'kuika visa pachiswe, chifukwa poiwonjezera amaona zomwe munalandira. Okonda magemu amve bwino apa: nyumba za pachinko (makina okhala ngati a juga) ndi nyumba zosewerera magemu zili m'gulu la malo omwe wophunzira saloledwa kugwirako ntchito, ngakhale yosesa. Kukasewera ku Akihabara, dera la magemu ku Tokyo, palibe mlandu, ndipo chionetsero cha Tokyo Game Show chimachitika mu Seputembala kuholo ya Makuhari Messe, koma ganyu mukasake m'sitolo, m'lesitilanti kapena kuyunivesite komweko.

Mukapeza pokhala, kalembetseni adiresi ku ofesi ya mzinda pasanathe masiku 14, ndipo pomwepo lowani inshulansi ya boma ya zaumoyo, kuti kuchipatala muzilipira 30 peresenti yokha. Khadi la wokhala m'dziko lija ndi lomwe mudzagulire SIM ndi kutsegulira akaunti kubanki. Foni ikhale yosamangidwa ku kampani imodzi, ndipo ikanimo LINE, pulogalamu yotumizirana mauthenga, poti anzanu ndi aphunzitsi ambiri sali pa WhatsApp.

Magetsi awo ndi a mavoti 100, pomwe athu ndi 230, ndipo soketi zawo n'za timano tiwiri tafulati. Yang'anani pa chaja: ngati palembedwa 100-240V, mungofuna adaputa. Ayironi ndi ketulo zisiyeni kuno, sizikatentha bwino.

Pa nyumba chenjerani ndi reikin, ndalama yothokoza mwini nyumba yomwe sibwezedwa, nthawi zambiri ya lendi ya mwezi umodzi kapena iwiri, pambali pa chikole. Chaka choyamba pemphani malo ku hositelo ya sukulu. Kumeneko adzakuphunzitsaninso kusiyanitsa zinyalala zowotcha ndi mabotolo ndi zitini, poti chilichonse chili ndi tsiku lake lotaya, ndipo thumba losakaniza amalisiya pomwepo atamatapo chenjezo.