Za loya wa mlandu wa malo kwa Nankumba: funsani mtengo polemba, za chipani zisiyeni

Achemwali, pepani ndi zimene zakugwerani. Mwati munthu wina wamanga mpanda kutseka dimba ndi gombe la mbumba yanu kwa Nankumba, akuti anagula kwa amalume anu, ndipo tcheyamani wa chipani kwanuko wakulozerani loya amene akuti "ndi wathu, sakudulitsani". Mukufunsa ngati mumutenge, komanso kuti maloya amalipiritsa bwanji. Ine ndiyankha za ndalamazo, chifukwa mabanja ambiri kuno amaluza pamenepo mlandu usanamvedwe n'komwe.

Mayankho ambiri pamwambapa athera pokangana za yelo ndi buluu. Ena mpaka afika pa bilu yochotsa pathupi ija aphungu anakana kuikambirana mu 2021, ndi mlandu wa ogonana amuna kapena akazi okhaokha umene khoti linagamula mu June 2024. Abale, mayiyu wafunsa za dimba la amayi ake ndipo mwamusiya panjira. Nkhani zimenezo sizitsata ngakhale chipani. Mu July 2023 mashehe ndi mabishopu anayenda limodzi m'misewu potsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, chifukwa pa zoterezi anthu amatsata chipembedzo ndi chikumbumtima chawo. Maganizo a loya pa bilu ija sasintha kalembedwe kake ka chikalata cholumbira pa mlandu wa malo.

Mawu oti "ndi wathu" ndi amene ndikuwaopa pa nkhani yanu yonse. Zimayenda chonchi. Poti mwadzera kwa tcheyamani, mumachita manyazi kufunsa mtengo. Loya naye amangoti "bweretsani kangachepe tiyambepo, zinazo tidzaona". Mumapereka, tinene K200,000, pamanja, mwina kudzera mwa tcheyamani yemweyo, popanda lisiti. Fayilo yanu imakakhala pansi pa mafayilo a makampani amene amalipira mwezi ndi mwezi. Ikafika nthawi ya kampeni kapena ya milandu ya zisankho, foni imangoitana. Ndiye tsiku la kukhoti likayandikira, imabwera kalata ya ndalama zimene simunazimvepo, ndi mawu oti sapita mpaka mutalipira. Mukati musinthe loya, fayilo amaigwira, ndipo lamulo limamulola kusunga mapepala mpaka ngongole yake itatha. Kudandaula kumavutanso, chifukwa kumudzi zimayamba kumveka ngati mukulimbana ndi chipani.

Palinso china. Munthu wokhala ndi ndalama zomangira mpanda m'mphepete mwa nyanja amadziwana ndi akuluakulu a mbali zonse. Choncho funso loyamba kwa loya aliyense likhale lakuti, "Kodi munamugwirirapo ntchito munthu ameneyu kapena kampani yake?" Akati inde, tsanzikani mwaulemu.

Amene akuganiza kuti loya wa chipani amagwira yaulere akumbukire mlandu wa chisankho cha 2019. Khoti litathetsa zotsatira pa 3 February 2020, maloya a a Chakwera ndi a Chilima anapereka mabilu awo, ndipo Registrar, mkulu wa kukhoti wowerengera ndalama za milandu, anagamula kuti alipidwe pafupifupi K7 biliyoni. Ntchito inali yaikulu ndithu, koma ola lililonse linawerengedwa. Wanuyo nayenso adzawerenga.

Bilu ya loya imakhala ndi zinthu zitatu ndipo musalole kuti azisakanize. Pali malipiro a ntchito yake. Pali ndalama zimene amakulipirirani kwina, zomwe amazitcha disbursements: zolipira kukhoti popereka mapepala, zolumbiritsa, zokapereka masamoni, mafotokope, mafuta, malo ogona. Kenako pali VAT, imene kwa zaka zambiri inali 16.5 peresenti ndipo imasintha ndi bajeti. Akakuuzani kuti K1 miliyoni, funsani pomwepo ngati zitatu zonsezi zilimo. Pa 16.5 peresenti, VAT yokha pa miliyoni ndi K165,000, ndipo ambiri amaidziwira pa bilu yomaliza.

Malipiro a ntchitowo ena amawerengera pa ola, ena amatchula mtengo umodzi pa gawo lililonse la mlandu, ena amadula peresenti pa ndalama zimene mwawina. Pa mlandu wa malo peresenti ikaneni. Mukawina mumalandira dimba, osati cheke, ndiye peresentiyo adzaidula pati? Pamenepo ndi pamene mabanja amapezeka agulitsa theka la malo omwe amawamenyerawo kuti alipire loya. Za pa ola, malamulo a 2018 okhudza ndalama zimene woluza amabwezera wowina anaika cha m'ma K30,000 pa ola kwa loya wa zaka zochepa pantchito, mpaka K60,000 kwa loya wa udindo wapamwamba wotchedwa Senior Counsel. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye musadabwe akakutchulirani zoposa pamenepo. Kwa inu chabwino ndi mtengo wa gawo ndi gawo, chifukwa mumadziwiratu kuti musonkhe zingati.

Samalani kwambiri pa chiletso. Anthu ambiri akamva kuti loya watenga chiletso amaphika mpunga wa chikondwerero, osadziwa kuti mlandu sunayambe. Chiletso choyamba chimatengedwa mbali inayo kulibe, ndipo chimakhala cha masiku ochepa. Pambuyo pake mumabwereranso kukhoti, mbali zonse zilipo, kukakangana ngati chipitirire. Kenako pali mapepala a mlandu weniweni. Ku High Court, malinga ndi malamulo a 2017, milandu yambiri imayamba yadutsa pa mediation, pomwe jaji amayesa kukugwirizanitsani. Zikakanika ndi pamene mboni zimamvedwa, kenako chigamulo, mwinanso apilo. Ndalama yoyamba imene loya amatchula nthawi zambiri imakhala ya chiletso chokha. Mufunseni molunjika kuti ikufikitsani pati. Dziwaninso kuti potenga chiletso mumalonjeza khoti kuti mudzalipira zimene winayo wataya ngati zitapezeka kuti munamuletsa molakwika. Ngati wagula kale simenti ndipo wayika amisiri, lonjezo limenelo ndi lolemera. Loya wabwino amakufotokozerani zimenezi musanasaine.

Chimene chimadya ndalama za anthu a Mangochi kuposa china chilichonse ndi msewu. High Court yapafupi ndi ya Zomba, makilomita cha m'ma 130 kuchokera pa boma kudzera pa Liwonde, ndipo inu muwonjezerepo ena 65 a ku Monkey Bay. Maloya ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Tiyerekeze mwatenga wa ku Blantyre ndipo afunika kubwera pa boma pano. Ndi makilomita pafupifupi 190, kubwera ndi kubwerera 380. Galimoto yodya lita imodzi pa makilomita 10 ifuna malita 38, chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero. Ulendowo ndi maola atatu uku, atatu uko. Ngati maola a pamsewu akuwawerenga pa K40,000, ndiye K240,000 yapita asanatsegule pakamwa. Khoti likati likaone malowo, ulendo umatalikanso mpaka kugombe.

Ndiye mufike kukhotiko mumve kuti jaji ali ku msonkhano, kapena loya wa mbali inayo sanabwere, mlandu auimitsa. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo bilu ya tsikulo imabwerabe yonse ngati simunapangane. Panganani kuti tsiku loimitsa mlandu mumalipira mafuta ndi theka la malipiro, ndipo ngati wolephera ndi iye mwini simulipira kanthu. Panganinso kuti aziimba kwa kalaliki dzulo lake asananyamuke. Funsani ngati tsikulo ali ndi milandu ya anthu ena kukhoti komweko, chifukwa ena amatenga mafuta athunthu kwa anthu atatu pa ulendo umodzi. Ngati mlandu wanu ukupita ku High Court, yambani mwafufuza maloya a ku Zomba komweko. Msewu mudzayenda ndinu pa minibasi, zomwe ndi zotsika mtengo kuposa kuyendetsa loya.

Zonsezi zilembedwe m'kalata ya mgwirizano, pa pepala la dzina la ofesi yake, musanapereke tambala. Ilembe ntchito imene agwire, mtengo wa gawo lililonse, za ulendo, za VAT, komanso dzina la loya amene adzaime kukhoti. Chomalizachi n'chofunika, chifukwa mumakambirana ndi bwana wa imvi ndipo mumalipira mtengo wake, koma kukhoti amatumiza mnyamata wongotuluka kumene sukulu. Mnyamatayo akhoza kukhala wakhama kuposa bwana wake, koma mtengo utsike. Loya akakwiya poti mwapempha kalata, mwadziwiratu mmene adzachitire mukadzafunsa za ndalama zanu.

Polipira, ikani ku akaunti ya kubanki ya ofesiyo, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, ndipo lisiti ikhale ndi chidindo ndi nambala ya fayilo. Ndalama zoperekeratu zimayenera kukhala mu akaunti ya makasitomala, yosiyana ndi ya loya, mpaka ntchito itagwirika. Miyezi itatu iliyonse pemphani pepala losonyeza zimene munapereka, zimene zagwira ntchito ndi zotsala. Mzere wongoti "professional services" ndi nambala yaikulu pambali pake musaulandire. Alembe tsiku, chimene anachita ndi maola ake.

Amene walemba pamwambapa kuti mukawina zonse amalipira woluza wanena theka. Khoti likhoza kulamula kuti woluza alipire costs, koma ndalamazo amaziwerengera Registrar, ndipo kawirikawiri zimachepera pa zimene munapangana ndi loya wanu. Zotsalazo ndi zanu. Lembaninso m'kalata muja kuti costs zikalipidwa, zimene munapereka kale zidzachotsedwe, kuopa kuti loya angadye mbali ziwiri. Mukaluza, mumalipira wanu ndi wa mnzanuyo.

Onetsetsani kuti munthuyo ndi loyadi. Laisensi ya uloya imakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo a Malawi Law Society amatulutsa mndandanda wa amene ali nayo. Pakhomo pa khoti pamakhala madobadoba ovala jekete, atanyamula mafayilo, odziwa mayina a makalaliki onse. Amenewo sangakuimirireni, amangodya pakati. Loya weniweni akadya ndalama zanu kapena akasiya mlandu, madandaulo amapita ku Law Society komweko, koma choyamba chimene adzakufunseni ndi kalata ndi malisiti.

Mwinanso simukufunika loya wolipira pakali pano. Pitani kaye kwa DC, ku ofesi yoona za malo, mukafunse ngati wogulayo ali ndi lizi kapena wangoyamba kuipempha. Ngati sinatuluke, lembani kalata yotsutsa, isainidwe ndi akuluakulu a mbumba, ndipo kope lanu alidinde. Malo a makolo ali ndi njira yake pansi pa Customary Land Act ya 2016, imene inakonzedwanso mu 2022: bwalo la malo la kwa T/A, kenako la boma, kenako Central Land Board. Kumene mabwalowa anakhazikitsidwa mumadziyankhulira nokha. Ngati lizi inatuluka, kapena maziko akukumbidwa kale, loya afunikadi, ndipo musachedwe. Lamulo limapereka zaka 12 pa mlandu wa malo, koma jaji savomera msanga chiletso kwa munthu amene anakhala akuonerera nyumba ikukwera mpaka pa lintala.

Yesaninso a Legal Aid Bureau, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti athandize osowa. Ali ndi ofesi ku Zomba, ndipo kalaliki wa pa khoti la majisitireti pa boma pano akulozerani kofikira. Amayang'ana kapezedwe kanu, ena amawathandiza ulere, ena amasonkhako pang'ono. Vuto lawo ndi kuchuluka kwa milandu, choncho muzipitako nokha pafupipafupi.

Achimwene amene mwafunsa pansipa za m'bale wanu wogundidwa pa kabaza, yanu ndi yosiyana: muli ndi zaka 3 zokha zoti musumire wogundayo, ndipo tengani lipoti la apolisi ndi la kuchipatala musanasaine pepala lililonse la munthu wokupezani pa bedi. Ndalama zikatuluka, pemphani kuona kalata ya kampani ya inshuwalansi yosonyeza zimene yalipira.

Achemwali, poti malowa ndi a mbumba, khalani pansi musankhe munthu mmodzi woyankhula ndi loya ndi wina wosunga kope la zosonkha. Anthu asanu akamamuimbira aliyense payekha, wowerengera pa ola amalemba mafoni onsewo. Amalume anuwo asakhale pa zokambiranazi, chifukwa mlandu ukayamba adzakhala mbali inayo. Popita kwa loya tsiku loyamba tengani kalata ya a gulupu, zithunzi za mpandawo zokhala ndi tsiku, mayina a achikulire amene akudziwa malire, ndi kope la pepala limene amalume anasaina ngati mungalipeze. Funsani pafoni musananyamuke ngati kuonana koyambako n'kolipira, ndipo muonane ndi maloya awiri musanasankhe.