Kamera ya polarization pa ndege: galimoto yosowa m'bandakucha

Funso: Kamera yathu ya infrared (yoona kutentha kwa zinthu) ya pa drone imataya galimoto yoima m'tchire dzuwa likamatuluka komanso likamalowa. Kodi ya polarization ingathandize?

Yankho: Ingathandize, ndipo kamera yanuyo sinafe. Pa nthawi ziwirizo chitsulo ndi nthaka zimatentha mofanana, ndiye kamera yongoyeza kutentha imasowa chosiyanitsira. Komatu kuwala kwa infrared kochokera pa chinthu chosalala, monga chitsulo chopentedwa kapena galasi, mafunde ake amapendekera mbali imodzi, pamene kwa udzu, masamba ndi dothi kumakhala kosakanikirana. Kupendekerako ndiko polarization, ndipo ndi kumene kamera ya polarization imayeza.

Pa ndege sankhani yokhala ndi timasefa pa sensa penipenipo. Pa mapikiselo (timadontho ta sensa tolandira kuwala) anayi alionse pamakhala timasefa toloza madigiri 0, 45, 90 ndi 135, ndipo onse amajambula nthawi imodzi. Ya sefa yozungulira musaigule, chifukwa imajambula zithunzi zinayi motsatizana. Pofika chithunzi chachinayi ndege imakhala itasuntha kale, ndipo m'mphepete mwa chinthu chilichonse mumatuluka polarization yabodza. Kwa drone yaing'ono ndingasankhe ya LWIR (infrared ya mafunde ataliatali, a mamaikiromita 8 mpaka 14), monga Pyxis ya Polaris Sensor Technologies ya ku Huntsville, Alabama, chifukwa siifuna choziziritsira. Za MWIR (infrared ya mafunde apakatikati) zambiri sensa yake imaziziritsidwa mpaka cha m'ma -196 °C, choncho zimalemera ndipo zimadya batire.

Funso: Taiika, koma chithunzi chikutuluka chofooka. Talakwitsa pati?

Yankho: Yambani ndi poloza kamera. Mukayang'ana denga la galimoto kuchokera pamwamba pake ndendende, polarization imakhala yochepa kwambiri. Ipendeketseni kuti izionera chambali. Kenako yang'anani kumwamba. Mitambo yotsika imatulutsa infrared yakeyake, yomwe ikanyezimira pa chitsulo imafafaniza polarization ya chitsulocho. Pamenepa palibe chokonza, dikirani kuyere.

Zenera loteteza kamera nalonso limasokoneza. Galasi wamba salola LWIR kudutsa, n'chifukwa chake pamaikidwa zenera la germanium, mtundu wa chitsulo womwe umalola LWIR kudutsa, koma zeneralo likapendekeka limawonjezera polarization yakeyake. Choncho calibration (kukonza kamera kuti iziyeza molondola) muzichita zenera lili pomwepo: ikani blackbody (chipangizo chotulutsa infrared pa kutentha kodziwika) pa kutentha kuwiri kosiyana, kenako muzungulitse sefa ya wire grid (sefa ya polarization ya timawaya tandandalanda) patsogolo pa kamera. Musafulumire apa. Timasefa tija timadya pafupifupi theka la kuwala, ndipo chimene mukufunacho ndi kusiyana kochepa pakati pa mapikiselo oyandikana, moti pikiselo imodzi yakufa imaipitsa gulu lonse la anayi.