Kodi mwana angaphunzirenji m'mabuku a ana amene anakulira m'nkhondo?

Mayi wina wanditumizira imelo yonena za mwana wake wamkazi wa zaka 14, amene anawerenga buku la Anne Frank, mtsikana wachiyuda amene ankalemba za moyo wake akubisala kwa a chipani cha Nazi cha ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo tsopano akufunafuna mabuku ena a mtundu womwewo. Funso la mayiyu ndi lakuti: "Kodi mabuku amenewa ali ndi phunziro lililonse kwa mwana amene akukula pamtendere, kapena angomudzaza mantha ndi chisoni mumtima?"

Mayi, phunziro lilipo ndithu, koma si limene anthu ambiri amafulumira kutchula. Kawirikawiri timauzidwa kuti mabuku otere amaphunzitsa kuti wolimba mtima ndi wosataya chiyembekezo amapulumuka, ndipo ine zimenezi sindigwirizana nazo. Anne Frank chiyembekezo anali nacho chochuluka, mpaka ankakonzanso zolemba zake kuti zidzasindikizidwe nkhondo ikadzatha, komabe pa anthu 8 amene anabisala m'zipinda za kuseri kwa ofesi ya bambo ake ku Amsterdam kuyambira mu 1942 mpaka pamene anagwidwa pa 4 Ogasiti 1944, amene anabwerera ndi moyo ndi bambo akewo okha, a Otto Frank. Anne anamwalira m'ndende yozunzirako anthu ya Bergen-Belsen kumayambiriro kwa 1945 ali ndi zaka 15. Mwana tikamuuza kuti kupulumuka ndi mphoto ya kulimba mtima, ndiye kuti tamuuzanso kuti amene anafa panali pamene anaperewera, ndipo limeneli ndi bodza lankhanza.

Chimene mabukuwa amaonetsa bwino kuposa mabuku a mbiri yakale a kusukulu ndi mmene mavuto amalowera pakhomo pa munthu. Mabomba asanayambe kugwa, pamayamba malamulo ooneka ngati aang'ono. Anne akutchula kuti Ayuda analamulidwa kuvala nyenyezi yachikasu, kupereka njinga zawo, kugula zinthu pa maola oikidwa okha, ndiponso kusapezeka panja ikakwana 8 koloko madzulo. Marjane Satrapi, m'buku lake la zithunzi zojambula pamanja lotchedwa Persepolis, akuyamba nkhani ya kusintha kwa boma ku Iran ndi zimene zinachitika kusukulu kwake mu 1980, pamene atsikana anakakamizidwa kuvala mpango kumutu ndipo analekanitsidwa ndi anyamata. Wowerenga wachinyamata amatengapo luso lozindikira msanga pamene gulu lina la anthu layamba kulandidwa ufulu pang'onopang'ono ena onse ali chete.

Koma gawo limene ndimaliona lolemera kwambiri ndi limene makolo ambiri angakonde kulibisa, ndilo zimene njala ndi mantha zimamuchititsa mwana wabwinobwino. Elie Wiesel, amene anatengedwa kupita kundende yozunzirako anthu ya Auschwitz mu 1944 ali ndi zaka 15, akuvomereza m'buku lake la Night kuti bambo ake atadwalika kundende ina ya Buchenwald n'kumamuitana, iye sanayankhe poopa kumenyedwa, ndipo atamwalira, pansi penipeni pa mtima wake anamva ngati watula katundu. Loung Ung, amene anali ndi zaka 5 pamene asilikali a Khmer Rouge analanda mzinda wa Phnom Penh, likulu la dziko la Cambodia, mu Epulo 1975, akufotokoza mu First They Killed My Father mmene anabera usiku mpunga umene banja lake linabisa, ndi mmene anakwiyira mayi ake pamene anawathamangitsa iye ndi abale ake awiri n'kuwauza kuti azikanena kuti ndi ana amasiye. Anazindikira pambuyo pake kuti mayiwo ankafuna kuti asilikali akabwera asapeze banja lonse pamodzi. Ishmael Beah wa ku Sierra Leone, dziko limene linali pankhondo yapachiweniweni kuyambira 1991 mpaka 2002, anali mnyamata wokonda nyimbo za rap, koma ali ndi zaka 13 anapatsidwa mfuti ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo m'buku lake la A Long Way Gone, la mu 2007, sakubisa kuti anapha anthu. Nyuzipepala ina ya ku Australia inatsutsa madeti ena a m'bukuli mu 2008 ndipo Beah sanavomereze zotsutsazo, choncho ndi bwino kukumbukira kuti ano ndi mabuku a zimene munthu akukumbukira ali wamkulu za ubwana wake.

Olemba atatuwa akanatha kudzijambula ngati ana osalakwa ndipo palibe akanawatsutsa, koma anasankha kulemba zimene zimawachititsa manyazi. Mwana amene wawerenga zimenezi mosamala amachedwa kuweruza anzake, chifukwa waona kuti pakati pa iye ndi mnyamata wonyamula mfuti uja, kusiyana kwakukulu ndi kwakuti iye sanagonepo ndi njala masiku ambiri kapena kuona kwawo kukutenthedwa. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo m'mabukuwa mwambiwu ukukhudza zoipa zimene munthu angachitiridwe pamodzi ndi zimene iye mwini angachite.

Mukamacheza ndi mwana wanu za mabukuwa, mumufunsenso za anthu amene ali m'mphepete mwa nkhani, chifukwa m'moyo wake malo amene angadzapezekepo kawirikawiri ndi a munthu woona mnzake ali m'mavuto. Banja la Frank linatha zaka ziwiri likubisala chifukwa cha antchito a pa ofesi paja. Miep Gies ankagula chakudya m'masitolo osiyanasiyana kuti asakayikiridwe, Johan Voskuijl anakhoma shelefu ya mabuku imene inabisa khomo, ndipo Victor Kugler ndi Johannes Kleiman anamangidwa tsiku lomwe obisalawo anagwidwa. Miep yemweyo ndiye anatola mapepala a Anne pansi n'kuwasunga osawawerenga mpaka anawapereka kwa bambo ake a Anne, amene anawasindikiza mu 1947. Mpaka imfa yake mu 2010 Miep ankakana kutchedwa ngwazi, ponena kuti dzina lotere limachititsa anthu wamba kuganiza kuti kuthandiza mnzako ndi ntchito ya anthu apadera. Nayenso Beah, bungwe la UNICEF litamuchotsa m'gulu la asilikali mu 1996, anachira pamalo osamalirapo ana ku Freetown, likulu la Sierra Leone, kumene antchito ankamenyedwa ndi anyamatawo koma ankabwererabe n'kumawauza kuti zimene zinachitika sizinali zolakwa zawo, mawu amene poyamba ankamupsetsa mtima. Namwino wina dzina lake Esther anam'patsa kawailesi komverera makaseti, ndipo m'nkhani za nyimbo ndi mmene mnyamatayo anayambira kuyankhula za zimene anaona.

Pa funso la mantha ndi chisoni, sindikunamizani kuti sizidzabwera. Chisonicho n'choyenera ndipo sichiwononga mwana ngati pali wamkulu woyankhula naye. Komabe mabukuwa salemera mofanana. Wa zaka 14 angawerenge yekha Persepolis, makamaka gawo loyamba, komanso Zlata's Diary, limene Zlata Filipović analemba ku Sarajevo, m'dziko la Bosnia, kuyambira 1991 mpaka 1993, mzindawo utazingidwa kuyambira mu 1992. Mabuku a Wiesel, Ung ndi Beah ali ndi masamba ofotokoza imfa mosabisa, choncho muyambe mwawawerenga inuyo, ndipo mukaona kuti mwana wanu angawathe, muziwerenga naye mutu umodzi pa nthawi, masana osati pogona.