Takoyaki akachuluka timati chani? Funso lochokera ku Osaka

Sabata ino funso lachokera kutali, kwa mnyamata wina amene ali pa maphunziro ku Japan. Akuti: "Bambo, Loweruka ndinapita ku Dotonbori mu mzinda wa Osaka kukashopa komanso kulawa ma street food, ndiye pofuna kuwafotokozera mayi anga pa foni ndinasowa mawu. Kodi takoyaki pa Chichewa ndi chani? Malo ogulitsira zakudyazi ndingati pa chiwaya? Nanga akakhala ambiri ndinene kuti matakoyaki?"

Mphwanga, funso lomalizali ndaseka mpaka mayi akunyumba kubwera kudzasuzumira kuti kwagwanji. Tatchulani mawuwo mokweza, pang'onopang'ono, mumve nokha chomwe chikutuluka. Kwa mayi anu musayerekeze, angadule foni n'kuyamba kukupemphererani. Kwa eni ake tako ndi nyama ya m'nyanja yamchere ija ya miyendo 8, yaki ndiye kupsereza pa moto, palibe chamanyazi, vuto ndi "ma" wathuyu amene timangomata paliponse, ma street food, ma snacks, ma chani chani. Takoyaki mutengeni ngati tiyi kapena buledi: takoyaki wotentha, takoyaki wambiri. Mukafuna kuwerenga nenani kuti timibulu 8 ta takoyaki, nkhani yatha.

Dzina la Chichewa la takoyaki palibe ndipo musavutike kulipeka. Nyamayo m'nyanja yathu mulibe, ndiye agogo athu akanaitcha dzina ataionera kuti? Aswahili a kugombe amati pweza chifukwa amaidya. Ife tingobwereka, ngati mmene tinabwerekera mandasi kwa Aswahili omwewo popanda wodandaula. Mayi anu auzeni kuti ndi tizitumbuwa ta ufa wa tirigu, tofewa mkati ngati phala, tokhala ndi kachidutswa ka nyama ya m'nyanja pakati, pamwamba amathira sosi wokhuthala, mayonezi ndi nsomba youma yopala mopyapyala imene imagwedezeka ndi nthunzi ngati ili moyo. Anayambitsa ndi bambo wina dzina lake Tomekichi Endo mu 1935 ku Osaka komweko.

Tsono pa chiwaya, apa mwandikanda poyabwa. Achinyamata ena amandiuza kuti mawuwa anachokera ku waya, ati chifukwa nyama amaotchera pa waya. Bodza limenelo. Agogo anga ku Ntcheu anali ndi chiwaya chawo chokazingira chimanga ndi mtedza, chikasowa amatenga phale, ndipo panalibe waya paliponse. Chimanga chikamathetheka pa chiwaya chimalira kuti the-the-the, ndiye asilikali athu atamva mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza anaitcha chiwaya, mpaka nkhondo yonse ya 1914 mpaka 1918 akuluakulu ankaikumbuka kuti nkhondo ya chiwaya. Chipisi ndi mlendo wadzulodzuloli pa chiwayapo. Choncho chitsulo chimene amapangirapo takoyaki ndi chiwaya ndithu, kungoti chili ndi maenje ngati bawo. Ine nditafika ku Osaka kamodzi ndinaima pafupi n'kumaonerera mtsikana wina akuthira phala la ufa m'maenjemo, kenako n'kumatembenuza kam'bulu kalikonse ndi tizitsulo tiwiri tosongoka ngati masipoko a njinga, liwiro lake ngati katswiri wa bawo akutakata. Ndinaponya kamodzi konse mkamwa, abale, lilime linasupuka masiku atatu, nsomba yomwe sindinaimve kukoma.

Koma kunena kuti "ndinapita pa chiwaya" mayi anu aona chipisi, kabichi ndi zamkati mwa mbuzi pansi pa mtengo wa mango, pomwe Dotonbori ndi ngalande ya madzi imene anayamba kukumba mu 1612 n'kumaliza mu 1615, lero m'mbali mwake muli magetsi okhaokha, chikwangwani cha kampani ya maswiti ya Glico cha munthu wothamanga atakweza manja chimene chinayamba kuikidwa pamenepo mu 1935, chinkhanu chachikulu chogwedeza miyendo pakhomo pa malo odyera nkhanu a Kani Doraku, anthu pa mlatho wa Ebisubashi kuchita kupanikizana ngati pa depoti madzulo a Khirisimasi. Ingonenani kuti zakudya za m'mbali mwa msewu. Ndi mawu ataliatali inde, koma pakamwa sipatha.

Chimene chikundiwawa ine m'kalata yanu si takoyaki, ndi kukashopa. Dzina la chinthu chachilendo bwerekani, koma mneni bwanji kubwereka pamene nkhokwe yadzaza? Tili ndi kugula, kugulagula, kupikula ngati mukufuna kudzagulitsanso kuno, kunenerera mtengo, ndiponso kudyetsa maso ngati m'thumba mulibe kanthu, zomwe ndikukhulupirira kuti ndi zomwe munachita mu Shinsaibashi-suji, mwana wasukulu inu. Msewu umenewu ndi wofolera pamwamba, masitolo mbali zonse ziwiri mtunda wa mamita pafupifupi 600, ndiye musautche msika, ndi mdadada wa masitolo. Msika weniweni ndi Kuromon, kumene kuli nsomba, nkhanu ndi zipatso pa mabenchi. Ndipo mu sitolo momwe mtengo walembedwa kale musakayambe zija za "ndichotsereniko bwana", mungachititse manyazi mtundu. Basela yekha ndiye alikonso, iwo amati omake.

Chimodzimodzi pa zophika. Masiku ano mwana amakuuza kuti ndafulaya nkhuku, ndaboyila mazira, ine mutu kuwawa. Kuotcha ndi pamene chakudya chakumana ndi moto kapena makala maso ndi maso, ngati chimanga chachiwisi kapena kanyenya. Kuwamba ndi kuumitsa ndi utsi kapena moto wapatali. Kukazinga ndi pa chiwaya kapena mu poto, ukutembenuza, mafuta akhalepo asakhalepo, paja mtedza timakazinga opanda dontho la mafuta. Ndiye ngakhale eni ake amati yaki pa zonse, ife tisiyanitse: nkhuku ya pa timitengo imene amati yakitori amaotcha, takoyaki amakazinga. Okonomiyaki, chija chophwatalala cha ufa, mazira ndi kabichi chimene dzina lake likutanthauza kuti ikamo zomwe ukonda, amakazinganso pa chitsulo chafulati. Wina akhoza kutsutsa kuti chimaoneka ngati chigumu ndiye tinene kuti kuphika, ameneyo tidzakambirane akadzandigulira tiyi.

Chinanso chondisangalatsa, mawu ena a ku Osaka amachita kumveka ngati aneni athu chifukwa cha "ku" woyambirira. Kushikatsu ndi nyama kapena ndiwo zamasamba zotungidwa pa kamtengo, zoviika mu ufa ndi nyenyeswa za buledi n'kukazinga m'mafuta, kwawo kwenikweni ndi ku Shinsekai, dera lina la mu Osaka momwemo, ndipo lamulo lake lotchuka ndi loti kamtengo kamene waluma kale usakaviikenso mu sosi wa gulu. Musadzati "ndashikatsu" ayi, "ku" ameneyu si wathu. Winayo ndi kuidaore, mawu amene anthu a ku Osaka amadzinyadira nawo, kudya mpaka chuma kukuthera. Azungu amamasulira kuti kudya mpaka kugwa, koma ife tili nawo mawu ogwira bwino kuposa pamenepo: kudya mpamba. Mayi aliyense wogulitsa mandasi amadziwa tanthauzo lake, ndipo Osaka pokhala mzinda wa amalonda kuyambira kale, mpaka ankautcha khitchini ya dziko lonse la Japan, ndikuganiza kuti mawu athuwa angawakomere. Moni wawo wakale wa amalonda ndi wofunsa ngati malonda akupindula, woyankha n'kuti bochi bochi, ndendende pang'onopang'ono wathu uja wa pa msika, munthu ndalama zili tho m'kachikwama ka m'chiuno.

Mukaimbanso foni Lamlungu auzeni mayi kuti munakadyetsa maso m'masitolo, kenako munagula tizitumbuwa tokazinga pa chiwaya cha maenje ngati bawo. Akafunsa dzina, litchuleni limodzi lokha, ndipo mufulumire kufunsa za mvula.