Zophunzira za mitundu ya anthu, "udzadya chani?"

Mtsikana wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo, wangokhoza MSCE ndipo anaona pa intaneti kosi yotchedwa ethnic studies yomwe yamukoka mtima, koma malume ake omulipirira fizi akuti zophunzira magule zimenezo udzadya chani. Akufunsa ngati angosankha za akaunti basi.

Mchemwali, dzinalo ndi la ku America, linabwera ophunzira a pa yunivesite ya San Francisco State atanyanyala makalasi kuyambira 1968 mpaka 1969 pofuna kuti mbiri ya anthu akuda ndi mitundu ina yonyozeka iziphunzitsidwanso. Pa Chanco pathupa zinthu zimenezi uzipeza zitamwazikana ku History, Sociology ndi African Languages and Linguistics.

Koma malumewo apa aphonya, si za magule ayi. Tenga Alhomwe, omwe ku Zomba kuno ndi ambiri. Makolo awo ambiri anachoka ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nkudzagwira thangata m'maesiteti a azungu ku Thyolo ndi Mulanje, anthu nkumawatcha Anguru monyoza mpaka ena anasiya chilankhulo chawo kuti asadziwike, ndipo zinatengera anthu ngati Lewis Bandawe m'ma 1940 kulimbana kuti dzina lachipongwelo lichoke. Kenako 2008 Bingu akubwera ndi Mulhako, lero mdzukulu wavala nsalu yake pa Chonde monyadira koma moni wa Chilhomwe sangayankhe. Chinachitika ndi chani pakatipa, wapindula ndani? Funso limeneli ndiye kosiyo. Chimodzimodzi 1968, MCP itasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka 1994, ndiye ukamva anzathu akumpoto akudandaula usamangoti ndi tsankho lawo. Ine ndimaona kuti dziko lomwe mavoti amatsata zigawo ngati lathuli likufunika anthu oziwerenga izi mozama, osati zongotukwanana pa Facebook.

Za ntchito sindikunamiza, palibe kampani yomwe ikudikira munthu wa digiri imeneyi pa geti. Odya bwino ndi omwe anaphatikiza ndi luso lina, monga kafukufuku, masamu a statistics kapena uphunzitsi. Mwayi wako ndi woti zonse zili pakhomo: Centre for Social Research, Centre for Language Studies yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, likulu la NSO (ofesi ya boma yoona za kalembera ndi ziwerengero), komanso National Archives komwe kuli mafayilo a ma DC a nthawi ya atsamunda, ukawatsegula uona momwe mzungu ankagawira anthu m'mitundu polemba za msonkho. Mabungwe nawonso amasaka woyankhula Chiyao kapena Chilhomwe bwinobwino akamapita kumidzi, ndiye ngati agogo alipo yamba kuphunzira kwa iwo pompano.

Malumewo usakawauze za ethnic studies, adzangoti ndi zachizungu. Kawauze kuti ukufuna Social Science, ndipo uwatchulire maofesi ndatchulawa, onse ali mu Zomba momwemuno.