Za lojiyo, msuweni

Eee, msuweni, ndauona uthenga wako pagulupa. Ndati ndisalembe, m'manja muli ufa, ndingolankhula. Dikira kaye ndichepetse wailesi... eya.

Ndiye wafunsa kuti loji yabwino ili pati m'tauni muno, yoti ugonemo masiku anayi a chiliza cha anganga. Loji! Iwe? Mwana wa ku Chinamwali, amene tinkagona mphasa imodzi n'kumandilanda bulangete usiku wonse, lero ukufunsa loji? Joni yakutani kodi? Ayi, ndikungokuseka, usatupe masaya, paja iwe suchedwa, unatengera mayi ako. Azakhali pepani ngati mukumvera, koma nanunso mukudziwa.

Malojiwo alipo, mbwee. Cha ku Mulunguzi aliko, ku Matawale aliko, ukafuna zapamwamba ukwere phiri ukagone ku Ku Chawe, udzuke nkhungu ili pawindo. Zimenezo n'zosavuta, ndikhoza kukufunsira mawa lomwe.

Koma wandikumbutsa amalume aakulu. Mulungu awasunge. Sindikudziwa ngati nkhani iyi unaimvapo, unali utapita kale kwa bambo ako ku Limbe... ayi, unali usanapite, unali kusukulu yogonera. Eya, kusukulu.

Paja iwo anayamba ntchito ya umesenjala kumaofesi a boma kumtunda kuja, Zomba akadali likulu. Kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, njinga yakuda, mafayilo atawamanga ndi lamba pakeliyala. Chithunzi chija chili pamwamba pa kabati ndi cha nthawi imeneyo. Ndiye 1975 likulu lija likusamukira ku Lilongwe, iwo anakwera lole limodzi ndi makabati a ofesi. Anganga ankati tsiku limenelo analira ngati mwana wawo akupita ku Wenela. Nyumba ya Malamulo yokha ndi imene inatsalira kuno, nayonso 1994 inatsatira anzake.

Anakhala ku Kawale zaka 30. Khirisimasi ankabwera, inde, koma taganiza: basi yochokera ku Lilongwe imadzera ku Liwonde, Domasi, Songani, ndiye Chinamwali umayamba kufika usanalowe m'tauni. Iwo amangotsika pompo. Pobwerera amakwerera pompo. Ife tinkangoti n'chifukwa choti ndi pafupi ndi kunyumba, palibe amene anaganizapo zina.

Atapuma ntchito mu 2005 n'kubwerera, ndi pamene ndinayamba kuona. Kumsika amapita, kubanki amapita, kuchipatala amapita. Koma msewu wokwera uja wodutsa pa Gymkhana, ayi. Anganga akawatuma chinthu cha mbali imeneyo, amapeza mwana womutuma. Mwana wake ndinali ine kawirikawiri, ndinali Fomu 2.

Tsiku lina Loweruka m'mawa ndikutsuka mbale, ndangoona atulukira atavala jekete ija ya mabatani atatu, nsapato atapolisha. Akuti, “Mphwanga, siya zimenezo, undiperekeze.” Sananene kuti kuti. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, kenaka wapansi, kukwera. Njira yonse pakamwa sipanatseke. Apa panali chakuti, apa ankakhala bwana wakuti, apa ndinagwa ndi njinga mafayilo n'kumwazikira m'ngalande. Anafika mpaka pa nkhani yawo ija ya Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, ya 1965, yoti ana asukulu anawandandalika m'mbali mwa msewu ndi timbendera, mfumu ija n'kuwakwezera dzanja iwowo basi pagulu lonselo. Ukukumbuka mmene anganga ankawatsutsira? Amvekere, “Iwe unali kumbuyo, unkangoona zipewa za apolisi.” Koma iwo mpaka kumwalira sanasinthe. Ati umboni wake ndi Emperor's View kuphiri kuja, ngati kuti malowo anawatchula chifukwa cha iwo.

Aaa, ndasochera. Ndimanena za tsiku lija.

Titayandikira, mawu anayamba kuchepa. Nyumba ya ofesi yawo ija inalipo, njerwa zake zomwezo, khonde lomwelo, kungoti munalowa anthu ena a ntchito zina. Pageti panali mlonda, mnyamata, mwina wobadwa likulu litapita kale. Anatipatsa moni mwaulemu ndithu, sanalakwe chilichonse. Kenaka akuti, “Bambo, mukufuna ndani?”

Msuweni, amalume anangoti chilili. Munthu amene ankalowa pakhomo limenelo kakhumi pa tsiku. Anavula chipewa, akuchizunguza m'manja, akuchizunguza. Kenaka akuti, “Palibe, mwanawe.” Ine manyazi, ndikufuna tizibwerera. Koma anapempha kuti angofika pakona ya khoma. Mnyamata uja analola. Anapita, anawerama, akusisita njerwa ndi chala, akusisita... ndiye anandiitana. “Taika chala apa.” Panali kamzera kolowa, kosalala, ngati pamene pamakhula chinthu nthawi yaitali. Akuti ndi pamene ankatsamiritsa handulo ya njinga m'mawa uliwonse. Kaya inalidi njinga yawo yokha, kaya ndi za amesenjala onse, ine chala ndinaikapo ndipo kamzerako kanalipo.

Anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, jekete yabwinobwino ija. Anapukuta m'maso ndi chipewa. Tinakhala mwina ola lathunthu. Chimene ananena n'chimodzi chokha, akuti masitepe a pakhonde aja ankawaona ngati ambiri, lero awawerenga apeza anayi.

Ndiye ukudziwa chinachitika? Loweruka linalo anapitanso, okha. Linalonso. Mlonda uja anasanduka mnzawo, amamutengera chinangwa chophika. Anayamba kutenga adzukulu kukawaonetsa ku Botanic, kukawasambitsa mapazi mu Mulunguzi, madzi ozizira aja. Anganga mpaka anadandaula kuti munthuyu wayambiranso ntchito osatiuza. Tsiku lina akusenda nzimbe pakhonde anandiuza kuti chimene chimawawawa si kusamuka kwa likulu ayi, koma zaka zonse zija ankatsikira pa Chinamwali kuthawa msewu umodzi.

Hmm. Dikira ndiphule mphikawu.

Eya. Ndiye sindikunamiza kuti upeza Zomba yemwe unamusiya. Phiri lija tinkaliona lakuda bii ndi mapaini, pano mbali zina ndi mpala, umaona anthu akutsika ndi matabwa pamutu. Likangala amene tinkamuopa kuwoloka, chilimwe umangodumpha, ngakhale namondwe Freddy atabwera mu 2023 anatikumbutsa kuti mtsinje ndi mtsinje. Chanco pano akuti UNIMA. Njinga zamoto ndiye usanene, uziyang'ana kawiri powoloka pa depoti. Matemba a ku Kachulu akadalipo pamsika, koma kamulu kake ukakaona useka. Dambo lija tinkasewera fulaye anamangapo nyumba zitatu za lendi.

Ndipo kunyumba... ee. Ine ndimakhala konkuno koma anganga atatisiya ndinatha miyezi iwiri osapondako. Ndimadutsa pamsewu pa minibasi n'kuyang'ana kumbali. Tsiku limene ndinalowa, chimene chinandigwetsa si bedi lawo ayi, si zovala. Ndi msomali uja wa kuseri kwa chitseko, pamene ankakoleka kolona. Msomali uli pomwepo, wopanda kanthu. Ndinakhala pa mtondo ndi kulira mpaka mwana wa aneba anakaitana azakhali. Khonde lija tinkalidumpha ngati tikudumpha phompho, limandifika m'bondo. Mtengo wa mango ulipo, koma nthambi yathu ija anaidula, imagunda malata.

Ndiye msuweni, ndinene mosazungulira. Iwe sukufuna loji. Ukuopa kulowa pakhomo paja n'kusamva mawu aja oti “ndani ameneyo, alowe.” Komanso ukuopa maso a anthu chifukwa pamaliro sunaoneke. Zimene zija tonse tikuzidziwa, mapepala ako anali asanatuluke, ukanabwera sukanabwereranso, ndipo ana akanadya chiyani? Amene ankalankhula analankhula, anatopa. Anganga eni ake asanatisiye ankati asamuvutitse mwanayo. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

Ukagona ku loji uzibwera m'mawa utasamba kale, utanunkhira, uzikhala pampando wa alendo, azikupatsa tiyi m'kapu zija za m'kabati. Madzulo uziti ndapita. Masiku anayi atha chonchi, ubwerera ku Joni usanafike kwanu. Ndipo ana a achimwene aang'ono aja sakukudziwa, tsiku loyamba adzakufunsa pageti kuti mukufuna ndani. Bola akufunse kamodzi, m'mawa mwake akuone ukutuluka m'nyumba ndi mswachi.

Bwera udzagone kunyumba. Usiku woyamba udzalira, ndikudziwa, inenso ndidzalira nawe, palibe cholakwika. Ndidzabwera ndi matiresi anga, tidzayala m'chipinda chathu chomwe chija. Chachepa, usadabwe, matiresi awiri amangokwana ndendende, chitseko chimatseguka theka.

Wamva eti? Ndati kunyumba. Ukadzaona kuti zakukanika ndithu, usiku wachiwiri ndidzakuperekeza ndekha ku lojiko, sindidzakufunsa kanthu. Koma woyambawo, ayi, ndi wa kwa anganga.

Undiuze tsiku ndi basi imene ukwere kuchokera ku Blantyre. Usatsikire m'tauni, uwauze akutsitse pa Chinamwali, pamsika, ndidzakhala ndili pompo. Ndipo bulangete ubweretse lako, langa sindikupatsanso.