Funsani Dokotala: Sikelo sindinayambe chifukwa ndalama tilibe

Funso: Adokotala, ndili ndi pakati pa miyezi 7 koma sikelo sindinayambe. Chipatala chapafupi n'cha mishoni ndipo ndalama tilibe. Miyendo yatupa, mutu ukuwawa tsiku lachitatu lero, ndikungomwa panado wa pagolosale. Apongozi akuti zaulere sizichiritsa, ndidikire tigulitse fodya. Ndine mayi wa ku Dowa.

Yankho: Mayi, ndaona kuti chakumangani miyendo ndi mantha okachita manyazi pawindo lolipirira. Ku Malawi kulibe inshulansi ya zaumoyo ya boma ya anthu osauka, ndipo ya bungwe loima palokha la MASM imafuna munthu wokhoza kusonkha mwezi ndi mwezi. Koma kuyambira 2006, Unduna wa Zaumoyo umachita mgwirizano ndi zipatala zambiri za mishoni, za pansi pa bungwe la CHAM, kuti amayi oyembekezera ndi makanda athandizidwe osalipira, bilu n'kupita ku boma. Si chipatala chilichonse cha mishoni chili mu mgwirizanowu, choncho mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu angakuuzeni za chanucho. Wina akakulipiritsani pa thandizo loyenera kukhala laulere, kadandauleni ku komiti ya chipatala kapena ku ofesi ya DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lanu. Ndalamazo n'za anthu, muli ndi ufulu wofunsa.

Za apongozi anu, ndi ulemu wonse, akulakwitsa. Mankhwala aulere kulibe, alipo amene analipira kale. Mukagula zinthu ngati mayunitsi a foni mumadula msonkho, ndipo mabungwe ngati Global Fund amathirapo ndalama za mankhwala a malungo, TB ndi ma ARV. Mankhwala amene boma limagula kudzera ku Central Medical Stores ndi omwewo amene ena amawagula modula. Okayikitsa ndi a pamsika, ouma ndi dzuwa, amene ena mwa iwo anabedwa m'zipatala momwemo.

Koma mwachedwa, mayi, ndipo panadoyo akungobisa vuto. Mutu wosaleka pamodzi ndi kutupa pa miyezi 7 kungakhale kuthamanga kwa magazi, komwe kumagwetsa mayi ngati wakhunyu n'kupha mwana m'mimba. Fodya asakudikiritseni. Pitani lero lomwe, akakuyezeni BP ndi mkodzo, ndipo mukawauze za mutuwo musanakhale pamzere. Mukayamba kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kapena kumva ululu pansi pa nthiti, nyamukani ngakhale pakati pa usiku, ndipo bambo a kunyumba akuperekezeni.